Kuika Windows kapena Linux Mwatsopano pa Kompyuta Yakale Imene Ikuchedwa

Kompyuta ikakalamba imatenga mphindi zingapo kuti iyake, ndipo mukadina pulogalamu mumadikira mpaka kukayikira ngati mwadinadi. Zikafika pamenepa, anthu ambiri amangogamula kuti ifomatidwe. Kufafaniza zonse n'kuikamo mwatsopano pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene ambirife timangoitchula kuti sisitimu, n'kothandizadi, chifukwa kumachotsa mavairasi, mapulogalamu amene analowa mwakabisira, ndiponso zotsalira zimene zaunjikana kwa zaka zambiri. Koma mankhwala amenewa amangochiza matenda a m'mapulogalamu. Ngati vuto lili m'zipangizo zenizenizo, monga hadi disiki (chipangizo chosungiramo mafayilo onse) yotopa kapena RAM (malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) yochepa, kompyutayo idzayambanso kuchedwa pasanapite nthawi, inu mutawonongerapo kale tsiku lathunthu. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya malangizowa ikunena za zimene muyenera kuchita musanafafanize kanthu kalikonse.

Pezani kaye chimene chikuichedwetsa

Ngati kompyutayo ili ndi Windows 8, 10 kapena 11, dinani mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, kenako pitani pagawo lolembedwa Performance. Gwirani ntchito imene mumagwira masiku onse, kwinaku mukuyang'ana zinthu zitatu: purosesa (ubongo wa kompyuta, imene imalembedwa kuti CPU), RAM ndi disiki. RAM ikamadzaza mukangotsegula masamba atatu kapena anayi a pa intaneti, ndiye kuti ndi yochepa, ndipo kufomata sikudzaiwonjezera. Disiki ikamangokhala pa 100% pamene simukuchita chilichonse cholemera, ndiye kuti disikiyo ndi imene ikuchedwetsa zonse, ndipo muyenera kudziwa ngati disikiyo ikungochedwa kapena yayamba kufa.

Hadi disiki iliyonse imasunga yokha mbiri ya thanzi lake, ndipo pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imawerenga mbiri imeneyi n'kukuuzani mwachidule. Ikalemba kuti Good, pitirizani. Ikalemba kuti Caution kapena Bad, kapena ngati mukumva kaphokoso kogogoda kochokera m'disikimo, lekani zonse n'kuyamba kupulumutsa mafayilo anu tsiku lomwelo. Kuika sisitimu pa disiki yotere kuli ngati kumanga nyumba pamchenga, ndipo ntchito yolemera yolembapo mafayilo masauzande ambiri ndi imene nthawi zina imaimaliziratu.

Maganizo anga pankhaniyi ndi akuti, ngati mungathe kusintha chipangizo chimodzi chokha, sinthani hadi disiki n'kuikamo SSD, yomwe ndi disiki yamakono yosunga zinthu m'timachipu ta magetsi. Hadi disiki ya m'malaputopu ambiri akale ili ndi mbale yozungulira maulendo 5400 pa mphindi, ndipo kasingano kake kamayenera kuyenda kukafuna fayilo iliyonse pamalo pake. Imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi zinthu zikakhala bwino, pamene SSD ya mtundu wa SATA imafika pafupifupi 500 MB, ndipo popeza mulibe chozungulira, imapeza timafayilo ting'onoting'ono nthawi yomweyo, chomwe n'chimene chimafulumizitsa kwambiri kuyaka kwa kompyuta. M'malaputopu otere SSD ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo omwewo pamene panali disiki yakale. Palinso ubwino wina umene anthu sauganizira: mukaika sisitimu pa SSD yatsopano, disiki yakale ija imatsala pambali ili ndi zonse zanu, osakhudzidwa, ndipo mukaiwala fayilo mukhoza kudzaitengabe.

Onaninso ngati kompyutayo ikutentha kwambiri. Fumbi likatseka mipata yotulukira mpweya, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro pofuna kudziteteza kuti isapse. Kupukuta fumbi pa fani kompyutayo itazimitsidwa ndiponso itachotsedwa kumagetsi ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma nthawi zina imathetsa vuto lonse.

Sungani zinthu zanu, ndipo tsimikizani kuti zasungikadi

Apa m'pamene anthu ambiri amalirira, choncho musafulumire. Koperani mafoda a Desktop, Documents, Pictures, Videos, Music ndi Downloads n'kuwaika pa hadi disiki yakunja kapena pa fulashi yaikulu. Foda ya Downloads musainyoze, chifukwa anthu ambiri amasungamo makalata ofunika osadziwa. Ngati kompyutayo imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, aliyense ali ndi mafoda ake pansi pa C:\Users, ndipo onsewo ayenera kukoperedwa.

Pali msampha umodzi wofunika kuutchula. Makompyuta ambiri amaonetsa C: ndi D:, ndipo munthu amaganiza kuti akasamutsira mafayilo ku D: ndiye kuti wawapulumutsa. Kawirikawiri C: ndi D: zimakhala zigawo ziwiri za disiki imodzi yomweyo. Disikiyo ikafa, kapena mukalakwitsa kamodzi posankha chigawo choti mufafanize, zonse zimapitira limodzi. Chosungira chanu chiyenera kukhala chinthu chimene mungachizule n'kuchiika patali ndi kompyutayo.

Kupatula mafayilo ooneka, pali zinthu zobisika zimene zimasowa mukafomata. Mapasiwedi amene anasungidwa mu Chrome, Firefox kapena Edge adzafafanizika ngati simunalumikize burawuza yanu ku akaunti kapena kuwatulutsa m'fayilo yapadera, ndipo anthu ambiri sakumbukiranso pasiwedi ya imelo yawo chifukwa kompyuta ndi imene yakhala ikuwakumbukirira kwa zaka. Yesani kulowa mu imelo yanu pachipangizo china musanayambe. Amene amagwiritsa ntchito Outlook afufuze mafayilo othera ndi .pst, chifukwa m'menemo mungakhale makalata amene kulibenso kwina. Mapulogalamu owerengetsera ndalama nawonso amasunga zinthu zawo m'malo awoawo, choncho tsegulani pulogalamuyo n'kugwiritsa ntchito njira yake yosungira. Lembani papepala mayina a mapulogalamu amene mumawafunadi, manambala a malayisensi amene munagula monga a Microsoft Office, ndi pasiwedi ya WiFi. Ngati disikiyo ndi yotsekedwa ndi BitLocker, njira ya Windows yobisira mafayilo kuti ena asawawerenge, pezani nambala yake yotsegulira, yomwe ili ndi manambala 48 ndipo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, chifukwa popanda nambalayi disikiyo sidzawerengeka mukadzailumikiza ku kompyuta ina.

Mukamaliza kukopera, tengani chosungiracho n'kukachitsegula pa kompyuta ina. Tsegulani zithunzi zingapo ndi makalata angapo, ndipo yerekezani kukula kwa mafoda onse awiri. Musakhulupirire kuti zasungika musanazione ndi maso anu.

Pomaliza pagawoli, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msinfo32, ndipo lembani papepala zinthu izi: dzina ndi nambala ya mtundu wa kompyutayo, dzina la purosesa, kuchuluka kwa RAM, mtundu wa Windows ngati ndi Home kapena Pro, ndi zimene zalembedwa pa BIOS Mode, kaya UEFI (njira yatsopano yoyakira kompyuta) kapena Legacy (njira yakale). Ndi nambala ya mtunduyo, pitani patsamba la kampani imene inapanga kompyutayo n'kutengako diraiva (kapulogalamu kothandiza sisitimu kuyendetsa chipangizo) ya WiFi ndi ya netiweki ya waya. Mukakhala ndi intaneti madiraiva ena onse amapezeka mosavuta, koma popanda diraiva ya netiweki mumasowa poyambira.

Sankhani sisitimu yogwirizana ndi msinkhu wa kompyutayo

Zimakopa kubwezeretsamo sisitimu yomwe inabwera ndi kompyutayo, popeza ndi imene inkathamanga bwino kalelo, koma masiku ake anatha. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows XP mu 2014, Windows 7 mu January 2020, Windows 8.1 mu January 2023, ndipo Windows 10 inafika pamapeto pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa m'ndondomeko yapadera yolandirabe zotchinjiriza kwa kanthawi. Sisitimu ikasiyidwa imayakabe n'kugwira ntchito, koma mipata imene akuba a pa intaneti amaitulukira sitsekedwanso. Kompyuta yotere ndi yabwinobwino ngati ntchito yake ndi kulemba ndi kusindikiza basi, yosalumikizidwa ku intaneti, koma sindingalangize munthu aliyense kuti azilowerapo mu akaunti ya kubanki kapena mu imelo.

Windows 11 imafuna purosesa ya 64-bit, RAM yosachepera 4 GB, malo okwana 64 GB, UEFI yotha kugwiritsa ntchito Secure Boot (chitetezo cholola sisitimu yovomerezeka yokha kuyaka), ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kuwonjezera apo, mapurosesa ovomerezeka amayambira pa m'badwo wachisanu n'chitatu wa Intel Core ndi Ryzen 2000 wa AMD, kutanthauza kuti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 amakanidwa. Njira zozembera malamulowa zilipo, koma Microsoft inanena kuti sikulonjeza kupitiriza kutumiza zokonza ku makompyuta otero, ndiponso kompyuta yomwe inkalemedwa ndi Windows 10 singapepukidwe ndi Windows 11. Ngakhale 4 GB imene amatchulayo ndi yongoyatsira, pakuti ntchito yeniyeni imayenda bwino ndi 8 GB.

Kwa kompyuta imene Windows 11 yaikana, Linux ndi njira yoyenera kuiganizira mozama. Ndi yaulere, imalandirabe zotchinjiriza, ndipo ili ndi mitundu yopangidwira makina ofooka. Linux Mint ya mtundu wa Xfce imaoneka mofanana ndi Windows moti munthu sasochera, imayenda ndi RAM ya 2 GB ngakhale kuti imamasuka bwino ndi 4 GB, ndipo Linux Mint 22 idzathandizidwa mpaka 2029. Lubuntu nayo ndi yopepuka kwambiri. Mint imabwera ili kale ndi Firefox ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Koma kunena zoona, Microsoft Office yeniyeni ndi Photoshop siziyenda pa Linux mwachindunji, ndipo makalata okongoletsedwa kwambiri nthawi zina amasokonekera maonekedwe ake. Ngati ntchito yanu imadalira pulogalamu inayake ya Windows, fufuzani kaye musanasamuke. Palinso ChromeOS Flex ya Google, yoyenera munthu amene zochita zake zonse zili m'burawuza. Dziwaninso kuti zonse zitatuzi masiku ano zimafuna purosesa ya 64-bit, ndipo makina akale kwambiri a 32-bit atsala ndi mitundu yochepa ya Linux imene ingawathandize.

Chilichonse chimene mungasankhe, chitengeni patsamba la eni ake. Makope a Windows amene ena anawasintha n'kumati ndi opepuka kapena otsegulidwa kale ndi oopsa, chifukwa simungadziwe chimene anabisamo, ndipo mungakhale mukudziikira nokha vairasi imene mumaithawa.

Konzani fulashi

Mukufunika fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo, ndipo zonse zimene zilimo zidzafafanizika, choncho isakhale yomwe mwasungiramo mafayilo anu. Ntchitoyi ndi bwino kuichitira pa kompyuta ina yathanzi. Ngati mukuika Windows, tengani Media Creation Tool patsamba la Microsoft, ndipo pulogalamuyo idzatsitsa Windows n'kukonza fulashiyo yokha. Ngati mukuika Linux, tsitsani fayilo ya ISO, yomwe imakhala ndi sisitimu yonse, n'kuilemba pa fulashi pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Kungoikopera fayiloyo pa fulashi ngati chithunzi sikuthandiza, chifukwa kompyuta singayakirepo. Mu Rufus muli malo osankha pakati pa GPT ndi MBR, zomwe ndi njira ziwiri zogawira disiki: sankhani GPT ngati pepala lanu lija likuti UEFI, ndipo sankhani MBR ngati likuti Legacy. Ngati intaneti inkadukaduka potsitsa, yerekezani nambala ya SHA256 ya fayilo yanu (nambala yaitali imene imasintha fayilo ikaonongeka) ndi imene yalembedwa patsamba la eni ake, poti fayilo yoonongeka imatha kuima pakati pa ntchito disiki itafafanizidwa kale.

Yatsani kompyuta kuchokera pa fulashi

Lumikizani laputopu ku chaja, ndipo zulani zosungira zonse zakunja kupatula fulashi yoikira sisitimuyo. Yatsani kompyutayo, ndipo chizindikiro cha kampani chikangooneka dinani mobwerezabwereza batani lotsegulira mndandanda wa zipangizo zoyakirapo. Pa Dell, Lenovo ndi Acer nthawi zambiri limakhala F12, pa HP limakhala F9, ndipo pa Asus limakhala Esc kapena F8. Sankhani dzina la fulashi yanu. Likaoneka kawiri, kwina lili ndi mawu akuti UEFI kutsogolo, sankhani logwirizana ndi mmene munakonzera fulashiyo.

Fulashi ikapanda kuoneka, lowani mu BIOS, momwe mumasinthidwa kayakidwe ka kompyuta, podina F2, Del, kapena F10 pa HP, n'kuonetsetsa kuti kuyakira pa USB n'kololedwa. Mitundu ina ya Linux imafuna kuti muzimitse Secure Boot. Muli momwemo yang'anani deti ndi nthawi. Zikakhala zolakwika kwambiri, ndiye kuti kabatire kakang'ono ka pa bolodi, kamene m'makompyuta ambiri ndi CR2032, katha mphamvu, ndipo deti lolakwika limachititsa kuti masamba otetezedwa a pa intaneti azikana kutseguka.

Linux ili ndi mwayi wina pamenepa, woti imayamba yayenda kuchokera pa fulashi isanakhudze disiki yanu. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu: lumikizani WiFi, mverani ngati mawu akutuluka, yesani kiyibodi, kamera ndi purintala. Idzaoneka yochedwerapo chifukwa ikuwerengedwa pa fulashi, koma mudzadziwiratu ngati zipangizo zanu zikugwirizana nayo.

Kuika sisitimu

Pa Windows, sankhani chinenero ndi mtundu wa kiyibodi. Ikakufunsani nambala ya layisensi, dinani mawu akuti I don't have a product key ngati kompyutayo inali kale ndi Windows 10 kapena 11 yovomerezeka, chifukwa layisensiyo imamangiriridwa ku zipangizo za kompyutayo ndipo imabwerera yokha mukalumikiza intaneti. Makompyuta ambiri ogulitsidwa kuyambira nthawi ya Windows 8, mu 2012, ali ndi nambalayi m'kati mwa bolodi, moti safunsa n'komwe. Chofunika ndi kusankha mtundu womwewo umene munali nawo, popeza layisensi ya Home sitsegula Pro. Kenako sankhani njira yoika mwatsopano, imene pa Windows 10 imalembedwa kuti Custom.

Tsopano mwafika pamalo pamene mukadutsa simungabwererenso. Sikirini idzaonetsa zigawo za disiki, zolembedwa Drive 0 Partition 1, Drive 0 Partition 2, ndi zina zotero, popanda zilembo za C: ndi D: zimene munazolowera. Muzizizindikira poona kukula kwake. Ngati mafayilo anu onse ali kunja ndipo munawatsimikizira, njira yoyera ndi kufafaniza zigawo zonse za Drive 0 mpaka patatsala mzere umodzi wolembedwa Unallocated Space, n'kusankha mzere umenewo, ndipo Windows idzadzigawira yokha zigawo zimene ikufuna. Ngati mukufuna kusunga chigawo cha D:, fafanizani chokhacho chimene munali Windows yakale, mutawerenga kukula kwake kawiri. Mukaona Drive 1, imeneyo ndi disiki ina, ndipo musaikhudze. Uthenga wonena kuti Windows singaikidwe pa disikiyo chifukwa ndi ya GPT kapena MBR umatanthauza kuti mwayatsa fulashi m'njira yosagwirizana ndi disikiyo. Mukhoza kuyatsanso m'njira inayo, ndipo ngati mukufafaniza zigawo zonse vutoli limatha lokha.

Kompyuta idzazima n'kuyakanso yokha kangapo. Ikayakanso koyamba n'kubwerera pa sikirini yoyambirira ija, musayambirenso ntchitoyo, ingozulani fulashi n'kuiyatsanso. Pa hadi disiki yakale zonsezi zingatenge ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo manambala angaoneke ngati aima, koma musazimitse.

Pa Linux Mint, dinani chizindikiro cholembedwa Install Linux Mint, sankhani chinenero, ndipo chongani bokosi la multimedia codecs kuti mavidiyo ndi nyimbo zidzaseweredwe. Mudzapatsidwa mwayi wofafaniza disiki yonse kapena woika Linux pambali pa Windows. Pa disiki yaing'ono ndiponso yakale, kufafaniza yonse n'kosavuta ndipo sikubweretsa mavuto m'tsogolo. Pasiwedi imene mudzasankhe muisunge bwino, chifukwa idzafunika nthawi iliyonse imene mukuika pulogalamu.

Ikayaka koyamba

Chinthu choyamba ndi kulumikiza intaneti n'kulola sisitimu kutsitsa zokonza zake zonse, kudzera mu Windows Update kapena Update Manager ya Mint, n'kumabwereza mpaka itanena kuti palibenso chotsala. WiFi ikakana, ikani diraiva munasunga ija, kapena lumikizani waya wa netiweki, kapenanso lumikizani foni ndi chingwe cha USB n'kugawira kompyutayo intaneti. Tsiku loyambali Windows imaoneka yolemera chifukwa ikutsitsa ndi kusanja mafayilo chakumbuyo, choncho musaiweruze msanga.

Pa Windows tsegulani Device Manager n'kuona ngati pali chipangizo chokhala ndi chizindikiro chachikasu, ndipo diraiva yake mukaitenge patsamba la kampani yopanga kompyutayo. Pa Mint ntchito yomweyi imachitika mu Driver Manager, makamaka pa makhadi a WiFi a Broadcom ndi a zithunzi a NVIDIA. Pewani mapulogalamu amene amalonjeza kukupezerani madiraiva onse kapena kufulumizitsa kompyuta mwa kungodina kamodzi, poti ambiri mwa iwo ndi amene amayambitsanso kuchedwa kuja. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Microsoft Defender, ndipo kuwonjezerapo mapulogalamu ena olimbana ndi mavairasi kumangolemetsa makina ofooka.

Pobwezeretsa zinthu zanu, bwezani mafayilo okha, mutawaunika kaye ngati alibe mavairasi. Mapulogalamu musawakopere kuchokera ku foda yakale, muwaike mwatsopano kuchokera kwa eni ake, limodzi ndi limodzi, ndipo muike okhawo ali papepala lanu. Mukamaika, werengani bokosi lililonse, chifukwa ena amalowetsa anzawo amene simunawapemphe. Mukatha, tsegulani gawo la Startup mu Task Manager n'kuletsa mapulogalamu amene safunika kuyaka limodzi ndi kompyuta.

Zonse zikakhala m'malo, pangani restore point pa Windows kapena tengani chithunzi cha sisitimu ndi Timeshift pa Mint, kuti chinthu chikadzasokonekera mudzabwerere pamenepa m'malo moyambiranso. Mafayilo a pa chosungira chakunja musawafafanize, ndipo ngati munaika SSD, disiki yakale ija muisunge kwa milungu ingapo, pakuti fayilo yoiwalika imakumbukika pa tsiku limene yafunika. Ngati kompyutayo ikuumabe kapena kuzima yokha sisitimu ili yatsopano ndiponso disiki ili yathanzi, yesani RAM ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86, ndipo ikapezeka ndi zolakwika, zulani kachidutswa ka RAM kamodzikamodzi n'kumayesanso mpaka mutapeza koonongekako.